Yambani ndi masokosi: mmene mungakonzekerere MSCE potengera nzeru za kochi John Wooden

Amene mukudikira MSCE, kaya muli ku boding'i, kaya pa CDSS, kaya mukubwereza pa open, ndikufuna tikambirane za mdala wina amene sanapondeko kuno kwathu koma zimene ankachita ndi anyamata ake zikhoza kukuthandizani kuposa ma taimutebulo okongola aja mumamata pakhoma nkuwatsata masiku awiri okha. Dzina lake ndi John Wooden, anali kochi wa basiketibolo pa yunivesite ya UCLA ku Los Angeles, ku America. Kuyambira 1964 mpaka 1975 timu yake inatenga chikho cha mayunivesite a dziko lonselo ka 10, ndipo kuyambira 1967 mpaka 1973 ankangotenga chaka ndi chaka osadumphitsa. Nthawi ina anawina magemu 88 otsatizana. Koma chodabwitsa nchoti osewera ake ambiri ananena kuti sankamumva akulalikira zowina. Iye mtima wake unali pa pulakatisi, pa maola awiri aja a masana amene iye ndi anyamata ake anali nawo m'manja mwawo.

Nde musaganize kuti tikukakamiza nkhani ya mpira kuti ilowe m'kalasi ayi. Mkuluyu asanatchuke anali mphunzitsi wa Chingerezi ku sekondale, m'zaka za m'ma 1930, ndipo chimene chinkamupweteka ndi makolo amene ankaona mwana wawo ngati wolephera chifukwa choti sanapeze A kapena B, pamene mphunzitsi akuona kuti mwanayo wayesetsa mpaka pamene nzeru zake zathera. Mpamene anadzaganiza kuti kupambana kwenikweni ndi mtendere wa mumtima umene munthu amakhala nawo akadziwa kuti wachita zonse zimene akanatha kuchita. Ine izi ndimagwirizana nazo ndi mtima wonse, ndipo sikuti ndikunena kuti mapointi alibe ntchito, ali nayo kwambiri, ku MUBAS kapena ku KUHeS sakulowetsani chifukwa cha mtendere wa mumtima. Koma mapointi simungawagwire lero. Chimene mungagwire lero ndi buku, peni ndi wotchi. Ophunzira ambiri amathera mphamvu kulota 6 points kapena kuopa 40 points, mmalo mofunsa kuti kodi madzulo ano kuyambira 5 koloko mpaka 7 ndichita chani kwenikweni.

Vulani nsapato kaye

Tsiku loyamba la pulakatisi chaka chilichonse, anyamata afika, ena mwa iwo otchuka kale dziko lonse ngati Lew Alcindor amene pambuyo pake anadzatchedwa Kareem Abdul-Jabbar, akuyembekezera kuti auzidwa zakuya, mdala uja ankawakhazika pansi nkuyamba kuwaphunzitsa kavalidwe ka masokosi. Kokani bwinobwino, yendetsani chala pachidendene ndi pa kachala kakang'ono kuti pasatsale khwinya, kenako valani nsapato, mangani zingwe kuyambira pansi kukwera m'mwamba, mfundo ziwiri. Chifukwa chake chinali chapafupi, sokosi ikapindika imatulutsa thuza, ndipo wosewera wathuza sathamanga, zingwe zikamasuka gemu ili mkati ndiye kuti timu yonse yavutika chifukwa cha munthu mmodzi.

Inunso muli ndi masokosi anu, ndipo ndi zinthu za Fomu 1 ndi Fomu 2 zimene mumachita nazo manyazi kubwererako. Mu Masamu anthu ambiri amene amati quadratic equation ndi yovuta, ukakhala nawo pansi umapeza kuti formula akuidziwa bwinobwino, pamene akugwera ndi pa ma sign, munthu wafika pa -4 × 2 × -3 nkulemba -24 mmalo mwa 24, basi funso lonse lapita, ndipo mawa adzalakwitsanso chimodzimodzi pa simultaneous equations nkumati Masamu si anga. Ena ndi ma fraction, ena kusintha subject ya formula, zimene zimakawapwetekanso ku Fizikisi ndi Kemesitiri. Ndiye chitani chonchi, sabata ino bwerekani buku la Fomu 2, sankhani mafunso 20 a ma sign ndi ma fraction, lembani osayang'ana mayankho. Mukalakwa oposa atatu dziwani kuti thuza lanu lili pamenepo, ndipo muzipereka mphindi 10 zoyambirira za kuwerenga kwanu tsiku lililonse ku zimenezi mpaka dzanja lizolowere. Mnzanu akakusekani kuti wa Fomu 4 ukuwerenga za ana, musiyeni aseke.

Ku Bayoloje masokosi ake ndi pensulo yosongoka, mizere ya ma label yojambula ndi rula yosapingasana, kulemba magnification. Ku Chingerezi ndi ma tense, masipelo, kulemba chiganizo chokhala ndi mutu ndi mchira. Ndipo Chingerezi musaseweretse chonde, MSCE simungaipeze mutalephera Chingerezi, komanso mayunivesite a boma amafuna ma credit asanu ndi limodzi Chingerezi chili momwemo, nde munthu ukhoza kukhala ndi 1 mu Masamu ndi Fizikisi koma 7 ya Chingerezi nkukutsekera chitseko.

Kakhadi ka m'thumba

Apa mpamene pali nkhani yonse. Wooden ankakhala pansi m'mawa ndi omuthandizira ake kukonza pulakatisi ya tsikulo, ndipo nthawi zina kukonzako kunkatenga nthawi yofanana ndi pulakatisi yeniyeniyo. Zonse ankalemba pa timakhadi ting'onoting'ono tolowa m'thumba, mphindi zakuti tichita chakuti, mphindi zakuti chakuti, palibe kuima nkumafunsana kuti tsopano titani. Akamaliza ankalembapo zimene zayenda ndi zimene sizinayende nkusunga, moti ankatha kutsegula za chaka chatha kuona kuti tsiku ngati lomweli anachita chani.

Taonani kusiyana kwake ndi taimutebulo yanu ija. Inu mumalemba kuti Lachiwiri, Bayoloje, 6 mpaka 8. Nthawi ikakwana mwatsegula kope, mphindi 15 zapita mukusankha topic, kenako mwasankha yomwe mumaikonda kale chifukwa imakoma kuwerenga, mwayendetsa maso m'manotsi, foni yalira, mwabwerera, 8 yakwana mwatseka nkumamva ngati mwawerenga. Mmalo mwake dulani pepala la kope pakati, ndipo musanagone kapena pa buleki lembani za mawa motere:

5:00 mpaka 5:10, ma sign ndi ma fraction, mafunso 10.
5:10 mpaka 5:35, kayendedwe ka magazi mumtima, kujambula ndi kuika ma label kope lili chotseka.
5:35 mpaka 5:45, kutsegula kope, kuchonga ndi peni yofiira.
5:45 mpaka 5:50, kuimirira, kumwa madzi.
5:50 mpaka 6:30, mafunso anayi a pepala la Masamu la chaka chathachi, wotchi ili patebulo.
6:30 mpaka 6:50, kuchonga ndi kulembanso amene ndalakwa.
6:50 mpaka 7:00, kulemba kuseri kwa khadi zimene zandikanika, ndi funso lokafunsa aphunzitsi mawa.

Mwaona kuti palibe pamene palembedwa kuti kuwerenga basi. Paliponse pali chochita chimene pamapeto pake mungadziwe ngati mwakhoza kapena mwalephera. Zovuta muziika koyambirira mutu usanatope, Wooden nayenso zatsopano ankaziphunzitsa koyambirira kwa pulakatisi, ndipo kumapeto ankakonda kumaliza ndi kanthu kosangalatsa kuti anyamata apite kwawo ali ndi mtima wofuna kubweranso mawa. Inunso mukhoza kumalizira ndi sabujekiti yomwe mumaikonda. Makhadiwo musataye, amangeni ndi labala kapena muziika mu jumbo, Lamlungu madzulo muziwayala pamphasa nkuona kuti kodi ndi chani chikubwerabwera kuseri kwake, chimenecho ndiye chiyambire khadi la Lolemba.

Ndikudziwa kuti si aliyense ali ndi maola awiri ooneka bwino chonchi. Pali atsikana amene akaweruka kuli kutunga madzi, kuphika, kulera ana a m'nyumba, pali anyamata amene m'mawa amayamba apita kumunda kapena madzulo kukagulitsa kumsika, ena magetsi kulibe ndipo batire la tochi ndi ndalama. Ngati ndi choncho khadi lanu likhale la mphindi 40, kapena muligawe pawiri, theka mbandakucha theka pa lanchi kusukulu. Mphindi 40 zolembedwa bwino zimaposa maola atatu ongoyang'ana kope. Ndipo makolo amene mukuwerenga izi, mwana wa Fomu 4 mupatseniko ola limodzi patsiku loti asatumidwe, makamaka mwana wamkazi, pakuti ndi amene amatumidwa kwambiri.

Pulakatisi izifanana ndi gemu

Ku UCLA pulakatisi inkathamanga kwambiri moti osewera ena ankati gemu yeniyeni inkaoneka yopepuka. Mdalayu ankakonda kuwauza kuti azichita zinthu mwachangu koma osapupuluma. Ife timati kuthamanga sikufika, koma mu holo ya mayeso kuyenda pang'onopang'ono nakonso sikufika, anthu ambiri amatuluka akudandaula kuti mafunso ndimawadziwa koma nthawi inandithera. Mankhwala ake ndi amodzi, ma pasiti pepa a MANEB olemba ndi wotchi. Kamodzi pa sabata, bola Loweruka m'mawa, tengani pepala lathunthu, onani nthawi yomwe yalembedwa pachikuto, khalani patebulo kapena pa desiki osati chogona, foni kutali, manotsi kutali, ndipo nthawi ikatha ikani peni pansi ngakhale mutatsala ndi mzere umodzi. Musanayambe gawani mphindi ndi mamalikisi, funso la mamalikisi awiri lisakudyereni mphindi 10, likakanika ikani kachizindikiro nkupita kutsogolo mudzabwerera.

Ulendo woyamba zotsatira zake zimawawa, mwina mupeza 30 pa 100 pa sabujekiti yomwe mumadziona ngati dolo. Musataye mtima, kuli bwino kuzionera Loweruka kunyumba kusiyana ndi kukazionera pa mndandanda wa zotsatira. Kuwerenga manotsi mobwerezabwereza kumanamiza, tsamba limaoneka lodziwika ndiye mutu umati ndazidziwa, koma kuzindikira chinthu ukachiona ndi kuchitulutsa wekha papepala loyera ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo MANEB imafuna yachiwiriyo.

Cholakwa chizikonzedwa pompo

Mu sizoni yake yomaliza, ya 1974 mpaka 1975, akatswiri awiri a zamaphunziro, Roland Tharp ndi Ronald Gallimore, ankapita kukakhala pa pulakatisi nkumalemba chilichonse chimene Wooden ankanena, ndipo analemba zoposa 2,000. Anapeza kuti pafupifupi theka la zonsezo anali malangizo achindunji a mmene chinthu chichitikire, pamene kuyamikira ndi kukalipa chilichonse sichinafike ndi 7 pa 100 yomwe. Zonena zake zinali zazifupi, zamasekondi chabe. Ndipo anali ndi kachitidwe kena kabwino kwambiri, wosewera akalakwitsa ankamuonetsa kachitidwe koyenera, kenako mmene iye walakwitsira, kenako koyenera kachiwiri.

Izi mukhoza kuzitengera ndendende. Gulani kope limodzi likhale la zolakwa zokhazokha. Funso lililonse limene mwalakwa lembani yankho lolondola, pansi pake lembani pamene inu munapatukira ndi chifukwa chake m'mawu anuanu, monga ndinaiwala kusintha masentimita kukhala mamita, kenako phimbani zonse ndi dzanja nkulembanso lolondola lija panokha. Patapita masiku atatu libwerezeni, patapita sabata libwerezeninso. Kope limeneli likadzafika mwezi wa mayeso lidzakhala lofunika kuposa pamfuleti iliyonse yogula, chifukwa muli matenda anu enieni osati a munthu wina. Ndipo siyani kudzitukwana kuti ndine mbuli, ndine wopanda nzeru, mawu amenewo sakuuzani chochita. Kunena kuti ndimasokoneza mitosis ndi meiosis pa nambala ya ma chromosome, apo ndiye mwapeza ntchito ya mawa.

Za gulu lowerengera limodzi ndinenepo pang'ono. Wooden anali ndi lamulo loti amene wagoletsa aloze kapena agwedezere mutu mnzake amene anamupatsira mpira. Mu study circle yanu amene wakufotokozerani mole concept mpaka mwamva muthokozeni pamaso pa anzanu, ndipo inunso bweretsani kanthu, osangobwera kudzakolola. Gulu lisapitirire anthu asanu, aliyense abwere atayesa kale mafunsowo payekha, ndipo amene akufotokoza aimirire ndi choko kapena khala, ena azimufunsa. Amene amabisa manotsi kuopa kuti anzake amuposa amadzimana yekha, pakuti palibe njira yogwirira chinthu m'mutu yoposa kuchiphunzitsa munthu wina.

Kuweruka nthawi yake

Pulakatisi ya Wooden inkayamba nthawi yake ndi kutha nthawi yake, sankaonjezera ngakhale timu itasewera moipa, pakuti ankadziwa kuti osewera akadziwa kuti pulakatisi italika amayamba kusunga mphamvu. Izi ophunzira athu ambiri sazimvetsa. Kukayandikira mayeso mumapeza munthu waviika miyendo mu beseni la madzi ozizira kuti asagone, wamwa khofi wowawa, akuwerenga mpaka 3 koloko, m'mawa mwake ali m'kalasi maso ali psuu aphunzitsi akubwereza topic yomwe ibwere pa mayeso iye akuodzera. Ubongo umasunga bwino zimene waphunzira munthu akagona, ndiye ukaumana tulo ukutaya zomwe wavutikira. Khadi likati 7 koloko kapena 9 koloko tsekani, idyani, chezani pang'ono, kagoneni. Mukadziwa kuti nthawi yotseka siisuntha mudzaona kuti mkati mwa maola awiriwo simuseweranso.

Kwa inu a pa CDSS ndi inu obwereza

Mwina mukuti zonsezi nzabwino koma sukulu yathu ilibe labu, laibulale ndi kabati imodzi, mphunzitsi wa Fizikisi ndi yemweyo wa Agirikacha. Nzoona, ndipo sindinganame kuti mwana wa pa CDSS ya kumudzi ndi wa ku national secondary akuyambira pamzere umodzi, sizili choncho ndipo nzopweteka. Koma tamvani izi. Kwa zaka zambiri timu ya Wooden inkachitira pulakatisi mu holo yakale yotentha, yomwe ankagawana ndi a masewera ena, ndipo iye mwini ankathandiza kusesa ndi kukolopa pansi pulakatisi isanayambe. Bwalo lawo labwino la Pauley Pavilion linatsegulidwa mu 1965, iye atatenga kale zikho ziwiri. Timu ya 1964 inali ya anthu aafupi pa nkhani ya basiketibolo, mwa osewera asanu oyamba gemu panalibe wopitirira mamita 1.96, koma inawina magemu onse 30 a sizoni imeneyo chifukwa inasankha kaseweredwe kogwirizana ndi zomwe inali nazo, kuthamanga ndi kupanikiza adani bwalo lonse, nzeru imene anaikankhira kwambiri ndi womuthandizira wake Jerry Norman, ndipo mdalayo anamvera.

Inunso sewerani ndi zomwe muli nazo. Mapointi amawerengedwa pa masabujekiti asanu ndi limodzi amene mwakhoza bwino, ndiye khalani pansi ndi aphunzitsi anu muone kuti asanu ndi limodzi anu ndi ati, Chingerezi chikhale choyamba kutetezedwa, ndipo musapeputse Chichewa, Agirikacha kapena Jogalafe ngati ndi kumene muli ndi mphamvu, bola muonenso masabujekiti amene kosi yomwe mukufuna imafuna. Za ma practical pemphani ahedi ngati nkotheka kukaona zipangizo pa sukulu yoyandikana nayo, ngakhale kamodzi, kuti burette musakaione koyamba tsiku la mayeso.

Ndipo inu amene mukulemba kachiwiri kapena kachitatu, amene mumayenda mozemba anzanu amene ali ku koleji, dziwani kuti Wooden anafika pa UCLA mu 1948 ndipo chikho choyamba anachitenga mu 1964, sizoni yake ya 16. Zaka zonsezo sankangobwereza zomwezo, ankabwerera ku zolemba zake kufufuza chimene akulakwitsa nkusintha. Nde ngati mukubwereza musawerenge mmene munawerengera chaka chatha. Tengani notification yanu, onani pamene panagwa 7, 8 kapena 9, yambirani pamenepo.

Chinanso, mkuluyu sankataya nthawi yambiri kufufuza za timu yomwe akukumana nayo, ankati bola timu yake ichite zake bwino. Inu siyani kumangofunsa kuti uje wafika pati, uje akuti wamaliza silabasi. Ndipo za likasa zitalikireni. Mukukumbuka 2020, mayeso a MSCE anathetsedwa ali mkati chifukwa mapepala anabedwa nkumazungulira, ndipo aliyense, wakuba ndi wosaba yemwe, anakalembanso mu Januwale 2021. Amene akukulonjezani pepala pa WhatsApp akufuna ndalama zanu, ndipo mukagwidwa nalo chaka chanu chapita.

Sabata ya mayeso

Wooden sankakonda zokuwa ndi kutenthetsa mitima gemu isanayambe, ankafuna anyamata alowe m'bwalo mitima ili m'malo, pakuti amene wakwera kwambiri ndi chisangalalo amatsikanso msanga zinthu zikavuta. Sabata ya mayeso musayambe topic yatsopano yaikulu. Khadi lanu likhale lalifupi, kope la zolakwa lija ndi mafunso ochepa oti dzanja lisazizire. Madzulo ake ikani pamodzi ID ya MANEB, mapeni awiri amene mwawayesa kale, mapensulo osongola, rula, labala ndi seti ya Masamu, muone kawiri nthawi ya pepala pa taimutebulo, mugone msanga, m'mawa mudye kanthu ngakhale phala kapena mbatata. Mukalandira pepala werengani malangizo onse kaye, kuti mafunso oyankha ndi angati ndipo okakamiza ndi ati, anthu amataya mamalikisi ambiri poyankha mafunso atatu pamene anauzidwa anayi.

Mukatuluka mu holo musaime pakhomo nkumafunsana kuti nambala 5 unapeza chani, pepala limenelo lapita ndipo mkangano wake ungokusokonezani mutu pa pepala lotsatira. Pitani mukadye, mupumeko ola limodzi, kenako tengani pepala ndi peni mulembe khadi la sabujekiti ya mawa.